Chipsera cha Fabiano Njobvu

1. Mzere wa pa bolodi

Purity Njobvu, mtsikana wa giredi 11 pa sukulu ina ya ku Kitwe, anali ndi vuto limodzi lodziwika. Pakamwa pake pankathamanga kuposa mutu. Sikuti anali wabodza ayi. Kungoti akamva theka la nkhani, theka linalo ankamalizitsa yekha, n'kulinena molimba mtima ngati analipo.

Lachitatu lina mu Epulo, aphunzitsi a mbiri yakale, a Spencer Kabaso, analowa m'kalasi maso akuwala. Bamboyu ankakonda sosholizimu monga mmene ena amakondera mpira. Anatenga choko n'kudula bolodi pakati ndi mzere umodzi wautali.

"Dziko lili ndi magulu awiri chabe," anatero. "Uku kuli eni migodi ndi makina. Uku kuli anthu amene chuma chawo ndi manja okha. Wamanja ndiye amakumba kopa, koma phindu limakwera sitima n'kupita kunja. Sosholizimu imati chimene anthu apanga pamodzi adyenso pamodzi. Munthu aliyense ali mbali imodzi ya mzere uwu. Palibe woima pakati."

Kenaka anasimba za chaka cha 1940. Azungu a m'migodi ananyanyala ntchito, malipiro awo n'kukwezedwa. Anthu akuda ataona zimenezo, nawonso ananyanyala. Pa 3 Epulo khamu linasonkhana pa ofesi ya komboni ku Nkana. Panaponyedwa utsi wokhetsa misozi, anthu anayankha ndi miyala, ndipo asilikali a boma la atsamunda anaomba mfuti. Anthu khumi ndi asanu ndi awiri anataya miyoyo.

"Pa 1 Meyi, tsiku la anthu apantchito, ana a sukulu adzalankhula pa msonkhano ku Ndola," anamaliza a Kabaso. "Ndikufuna mmodzi wodzatiimira. Alipo amene makolo ake analipo nthawi imeneyo?"

Dzanja la Purity linakwera mwiniwake asanaganize.

Umboni anali nawo, kapena tinene kuti ankaona ngati ali nawo. Pakhoma kwawo ku Mindolo panali chithunzi cha Fabiano Njobvu, agogo a bambo ake, ali ndi chipsera chachikulu pamphumi. Aliyense ankachitcha chipsera cha ku Nkana. Komanso pa 3 Epulo chaka chilichonse banja lonse linkapita ku Misa ya m'mawa, imene linkapempha kwa ansembe kuti ikhale ya mizimu ya anthu amene anafa tsiku limenelo. Ndani angapempherere anthu zaka zonsezi ngati sanali anzake?

Pofika Lachisanu iye ndi a Kabaso anali atalemba kale mawu okalankhula, ndipo dzina lake linali litasindikizidwa pa ndondomeko ya msonkhano: Purity Njobvu, chidzukulu cha ngwazi ya sitalaka ya ku Nkana.

2. Chimwemwe cha a Ackson

Bambo ake, a Ackson Njobvu, ankagwira ntchito pansi pa mgodi kudzera ku kampani ina ya makontirakiti. Ntchito yake inali ya miyezi isanu ndi umodzi, ikatha munthu n'kumadikira ngati amlembanso. Anzawo anawasankha kukhala owayankhulira, ndipo a Ackson anali ndi chida chimodzi chimene sichinkabuntha. Anthu akayamba kuopa mabwana, iwo ankakwera pa benchi n'kunena kuti, "Ine agogo anga anaima pamaso pa mfuti. Imwe muopa kalata?"

Ataona pepala la ndondomeko lija, anaseka mpaka kutsokomola. Analijambula pa foni n'kutumizira aliyense amene nambala yake anali nayo.

"Mwana wanga, wanisambika!" anatero. "Tizahaya minibasi. Anyamata onse a ku shifiti yanga azabwela. Akamve okha kuti magazi ya Njobvu ni yabwanji."

Purity anagona monyadira, mtima ukuuluka ngati mbendera. Chimene chinatsala n'kukatenga tsatanetsatane wa nkhaniyo kwa munthu amene anamudziwa Fabiano maso ndi maso.

3. Pansi pa mtengo wa mapeyala

Munthuyo anali agogo ake aamuna, a Lighton Njobvu, mwana wa Fabiano. Anapuma ntchito ya mgodi kalekale, ndipo masiku ano ankamata majombo obooka pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Anali nkhalamba yovuta, yosakonda mafunso, yokangana ndi wailesi. Loweruka Purity anawapeza pansi pa mtengo pomwepo.

"Agogo, nifuna muniuze za atate anu," anatero Purity, kope lili m'manja. "Mwamene anamenyela nkhondo anchito anzawo ku Nkana."

Anawapatsa pepala lija. A Lighton analiyandikitsa kumaso, n'kulitalikitsa, n'kuliwerenga kachiwiri. Guluu anayamba kuuma pa chala chawo iwo osazindikira.

"Walemba ichi ndani?"

"Ba Kabaso. Koma nine ninawauza."

"Nanga iwe unauzidwa ndi yani?"

Purity anayang'ana pa kope lake. Palibe amene anamuuzapo mwachindunji.

"Tseka kopelo," anatero agogo. "Khala apa."

Purity atakhala pansi, nkhalambayo inayamba.

"Atate anga anachoka kwathu ku Chadiza, kum'mawa kwa dziko lino, ali ndi zaka nineteen. Kumudzi kunali msonkho, ndipo wolephera msonkho ankamangidwa. Anafuna ntchito ya mgodi, koma pomuyeza anati chifuwa n'chaching'ono. Usilikali unawalandira. Kunali yunifolomu, kunali chakudya. Tsiku limene ukunenalo analipodi ku Nkana. Anawaimika pamzere kutsogolo kwa ofesi, mfuti ili m'manja."

Purity anaseka pang'ono, kuyesa kuti sanamve bwino.

"Mfuti? Anchito anali na mfuti?"

"Sanali wantchito. Ndati anali msilikali. Chipsera chimene mumachigwadira pakhoma chija ndi mwala wa munthu wa mgodi. Unawapeza pamphumi, magazi n'kutseka diso. Anaomba. Kangati, sanadziwe. Ngati chipolopolo chawo chinapha munthu, sanadziwenso, mpaka analowa m'manda osadziwa. Misa ija anaiyamba okha. Si ya anzawo ayi. Ndi ya anthu amene mwina anawapha."

Kope linagwa pa mwendo wa Purity. Iye sanalitole.

"Koma agogo, si anagwila nchito mu mgodi? Muli na chipewa chawo mu nyumba."

"Anagwira. Nkhondo ya azungu itatha anabwerera kuno komweko, n'kutsika pansi zaka twenty-two. Yuniyoni itayamba analowa. Anthu akanyanyala, iwonso ankanyanyala, ife n'kumagona ndi njala. Anzawo akaona chipsera ankati, 'Icho n'cha sitalaka ya forty,' iwo osavomera, osakana. Anandiuza ine ndekha, ali pa bedi la chipatala."

"Atate aziba?"

Apa nkhalambayo inayang'ana kumbali.

"Ackson nkhani yakeyo anaitola kwa anthu, ali mnyamata. Ndinamuona akuyenda nayo chifuwa chili patsogolo. Ndinati ndimuuza mawa. Mawa lakelo ndi lino, mutu wayera."

Kenaka anamuloza ndi chala cha guluu chija.

"Tsono tamvera, mwana wa mwana wanga, umvetse bwino. Usakaname. Bodza la pa benchi ndi lina, bodza la pa maikolofoni pamaso pa ana a sukulu ndi linanso. Limalowa m'makope, limakhala mbiri. Anthu aja anafadi, anasiya akazi ndi ana. Usakabe imfa yawo n'kudzaiveka banja lathu ngati malaya. Atate anga sanachitepo zimenezo, ndipo ukachita iwe, ine ndiye ndidzakayankha kwa iwo.

"Koma usakanenenso. Ife kuno ndife alendo, ngakhale mchombo wanga unagwera pa Mindolo pano. Mpaka lero ukalankhula Chinyanja pa siteshoni, wina amati abwera apolisi, pakuti ndicho chinali chilankhulo cha apolisi ndi asilikali a atsamunda. Timaseka, chifukwa Abemba ndi ambuya athu, anzathu ochita nawo nthabwala zachipongwe. Pamaliro amatipaka ufa, timanyozana, n'kudyera mbale imodzi. Koma chimbuya chili ndi polekezera. Atate ako amaima pamaso pa amuna amene akuika ntchito zawo pachiswe chifukwa chomukhulupirira. Ukawauza kuti ndi mdzukulu wa woomba mfuti, adzamveranso ndani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukaponya mwala, uswa atate ako."

Purity anawayang'ana.

"Nisaname, nisakambe. Manje nichite bwanji?"

"Udwale. Mutu, m'mimba, chilichonse."

"Si boza nayo iyo, agogo?"

A Lighton anatola jombo n'kuyamba kulipala mwamphamvu ngati ndilo lawalakwira.

4. Funso losowa malo

Lolemba Purity anatsalira m'kalasi anzake atatuluka. Mzere uja unali udakali pa bolodi, chifukwa a Kabaso analetsa kuufufuta.

"Ba Sir, asilikali aja anaombela, ali mbali iti?"

"Uku," anatero a Kabaso mosazengereza, kuloza kwa eni migodi. "Msilikali ndi chida cha eni chuma."

"Nanga ngati naye anali wosauka? Wothawa msonkho, alibe na nsapato?"

"Ndiye kuti ndi wantchito wosocheretsedwa."

"So ali uku, kwa amanja?"

"Mwa kubadwa, inde. Koma tsiku limenelo anali uku."

"Nanga ngati pambuyo pake analowa mgodi, n'kumanyanyala pamozi na anzake?"

A Kabaso anayang'ana choko chawo, n'kuyang'ana bolodi. Dzanja linapita kumanzere, linabwerera kumanja, kenaka linalowa m'thumba. Anali munthu woona mtima, ndipo zinaoneka kuti funsolo lawapweteka.

"Funso lako ndi labwino, Purity, koma si la pa 1 Meyi. Tsiku limenelo anthu amafuna kulimbikitsidwa. Iwe ukawerenge zimene tinalemba zija."

Purity anatuluka m'kalasimo wosokonezeka kuposa mmene analowera. Agogo anamupatsa malamulo awiri otsutsana. Aphunzitsi anamupatsa mbali ziwiri, ndipo Fabiano sankakwana mbali iliyonse.

Kawiri konse sabata imeneyo anayesa kuwauza bambo ake. Ulendo woyamba anawapeza akusita malaya ofiira a yuniyoni, akuimba. Ulendo wachiwiri anangoti, "Atate," iwo n'kumutulutsira nsapato zatsopano zimene anamugulira kumsika kuti akavale ku Ndola. Mtsikana amene pakamwa pake sipankatsekeka anathokoza, n'kukalira kubafa.

5. Ku Ndola

Minibasi inanyamuka m'mawa itadzaza amuna a malaya ofiira. Ankaimba nyimbo za pa ntchito, akumenya denga ndi zikhato. Wotsogolera phokosolo anali a Given Mwansa, Mbemba wamimba yaikulu, mnzawo wa a Ackson kuyambira ku pulaimale.

"Awe mwandi, imwe bakumawa!" anakuwa a Given. "Tinali kuganiza muziba chabe kudya mbewa. Kanshi munatibalila na ngwazi!"

"Khala chete iwe wodya anyani," anayankha a Ackson. "Lelo uzaphunzila mbili kwa mwana wanga."

Galimoto yonse inafa ndi phwete. Purity anayang'ana pawindo, kuwerenga malole a kopa amene ankapitirira. Kudwala kumene agogo analamula kunali kutabweradi kokha, koma kubwerera kunalibe.

Holo inali yodzaza. Kutsogolo kunali ana a sukulu, kumbuyo anthu apantchito ndi mbendera zawo. Mnyamata wa ku sukulu ya Pamodzi analankhula za malipiro a anamwino. Mtsikana wa ku Kamitondo ananena ndakatulo. Kenaka woyendetsa mwambo anawerenga dzina la Purity pamodzi ndi mawu aja onse, ndipo kumbuyo kunaphulika mluzu ndi nthungululu.

Chiyambi chinayenda bwino. Anasimba za malipiro osiyana a mzungu ndi munthu wakuda pa ntchito imodzi, za utsi, za miyala, za mfuti. Mawu ake ankamveka mpaka kukhomo. Kenaka chala chake chinafika pa mzere umene a Kabaso anautsindika ndi inki yofiira, wonena kuti agogo a bambo ake anaima ndi anzawo osaopa imfa.

Anakweza maso. Bambo ake anali ataimirira kale, foni ili m'mwamba, akujambula.

Akanatha kudumpha mzerewo n'kupita kumapeto. Koma woyendetsa mwambo anali atanena kale bodzalo m'malo mwake, ndipo kukhala chete kukanakhala kulisainira. Purity anapinda pepala lija.

"Agogo a atate anga, a Fabiano Njobvu, analipo tsiku limenelo," anatero.

Manja anawomba.

"Chonde dikirani. Zimene zalembedwa pa ndondomeko si zoona, ndipo wolakwa ndine. Ndinanena ndisanafunse. A Fabiano sanali pakati pa onyanyala. Anali msilikali. Anaomba nawo mfuti."

Manja aja anazima mmodzimmodzi, ngati mvula ikamakata pa malata.

"Anali mnyamata wosauka wothawa msonkho. Pambuyo pake analowa mgodi, analowa yuniyoni, ananyanyala nawo. Aphunzitsi anga amati munthu aliyense ali ndi mbali yake. Ine ndayesa kuwapezera mbali, ndalephera. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu seventeen aja si a m'banja mwathu. Ali ndi zidzukulu zawo, mwina zili muno. Ulemu wa lero ndi wawo. Ife tilibe gawo."

Sanadziwe momalizira, choncho anangoti zikomo n'kutsika.

Holo inasowa chochita. Mayi wina anayamba kuwomba m'manja, ataona kuti ali yekha analeka. Kumbuyo wina anakuwa mawu a Chibemba amene si oyenera kulembedwa m'buku la ana a sukulu, ndipo wina anamuletsa. A Kabaso anavula magalasi n'kumawapukuta osaleka. Woyendetsa mwambo anaitana sukulu yotsatira mofulumira ngati wozimitsa moto.

Purity atayang'ana kumbuyo, mpando wa bambo ake unali wopanda munthu.

6. Panja

Anawapeza kuseri kwa holo, pafupi ndi mayi wina wogulitsa chinangwa chootcha ndi mtedza. Anali atatsamira khoma, foni ili m'manja, ikujambulabe nsapato zawo.

Amuna a malaya ofiira anatuluka m'magulu a awiri ndi atatu, n'kulunjika ku minibasi. Palibe anayang'ana kumene kunali a Ackson. A Given okha ndiwo anaima. Purity analakalaka atanena za mbewa, atanyoza, atachita chilichonse cha masiku onse. Koma a Given analankhula mwaulemu, ngati akulankhula ndi mlendo.

"Ba Njobvu, ise tatsogola. Tizakambilana pa Monday."

Chibadwire Purity anali asanamvepo a Given akuwatchula bambo ake ndi dzina la banja. Minibasi inaliza hutala kamodzi n'kunyamuka.

Ana inu, choonadi ndi chabwino, ndipo Purity sanalakwe kukana bodza. Koma choonadi chili ndi khomo lake lolowera. Chimene chinayenera kunenedwa m'nyumba, anthu awiri atakhala pansi, chinawapeza a Ackson pagulu, foni ili m'mwamba. Purity anazindikira zimenezi ataima pamenepo, ndipo mantha anamugwira kuposa pa nsanja paja.

"Atate, pepani. Ninayesa kukuuzani."

Anayembekezera kukalipiridwa. Anayembekezera ngakhale khofi, ngakhale kuti bambo ake anali asanamumenyepo. Koma a Ackson analankhula motsitsa, maso ali pa khoma.

"Ni zoona?"

"Ni zoona, atate."

"Wakuuza ndani?"

"Agogo."

"Liti?"

"Pa Saturday. Pansi pa mtengo."

A Ackson anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Pa Saturday," anabwereza. "Iwe unafunsa kamozi chabe, anakuuza. Ine zaka forty-six nidya nawo, nipita nawo ku Misa, nigwada pafupi nawo. Ananimvela nikamba pa benchi. Ananimvela, Purity, osakamba kanthu."

Anazimitsa foni. Kenaka anavula malaya ofiira aja, n'kutsala ndi vesiti, n'kuwapinda bwinobwino monga amapindira mayi nsalu ya pa guwa. Anamupatsa Purity kuti anyamule.

"Tiye ku siteshoni. Tipita ku Mindolo."

"Muzawachita chani agogo?"

"Nizawafunsa. Ndipo iwe uzakhalapo, pakuti ndiwe wamene amayankha."

Anatsogola, osacheuka. Purity anawatsatira pambuyo, malaya ali kukhwapa, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti bambo ake akuyenda ngati nkhalamba.